Nthochi za Alamu M'dimba Langa

Ine khasu ndinayamba kuligwira ndili kale ndi ana awiri, imvi zitayamba kusuzumira m'mutumu. Musaseke. Ndinakulira ku Ndirande, m'nyumba ya lendi yomwe kuseri kwake kunali ngalande ndi khoma la anthu ena. Kwathu masamba ankamera pabenchi ya kumsika atamangidwa kale ndi kaluzi, ndipo ulimi wanga wonse unali kukangana ndi wogulitsa kuti andiikire basela. Pa zimenezo ndiye ndinali katswiri, funsani aliyense.

Kuno ku Rumphi ndinabwera ndi ukwati. Mwamuna wanga anali wa kufupi ndi Phwezi. Tonse tinali aphunzitsi a pulayimale, ndipo atatopa ndi tawuni tinapempha kuti atisamutsire kwawo. Bambo ake, apongozi anga aamuna, anatipatsa malo kumunsi kwa mudzi: pomanga nyumba, kamunda ka chimanga, ndi kachigawo kotsetsereka kokafika kukamtsinje kosauma ngakhale mu Okutobala. Kachigawo kameneko sitinkakagwiritsa ntchito. Kanali thengo chabe, modyera mbuzi za mudzi wonse. Mwamuna wanga ankangoti tsiku lina tidzalimapo dimba. Anadwala m'dzinja, ndipo chimanga chisanakhwime tinali titamuika m'manda.

Ndinatsala ndi ana aakazi awiri pamudzi wa eni. Kwa amayi anga kum'mwera, mwamuna ndi amene amakakhala kwa mkazi, ndipo akamwalira mkazi amatsala pakhomo pake. Kuno si choncho. Malowolo anaperekedwa, ana ndi a kuchimuna, malo ndi a kuchimuna, ndipo mkazi wamasiye wopanda mwana wamwamuna amakhala ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Palibe anandiuza kuti ndichoke. Koma palibenso anandiuza kuti ndikhale, ndipo ine makutu anga ankadikira mawu amenewo kuposa chilichonse. Ku Ndirande amayi anali atamwalira kalekale, m'nyumba ya lendi ija munalowa ena. Nyumba ya kuno, imene ndinasenzera njerwa ndi mutu wangawu, ndi yokhayo ndinali nayo.

Mvula italekeza ndinaganiza zolima dimba. Malipiro a munthu mmodzi sankafika kumapeto kwa mwezi, komanso ndikaweruka masana m'nyumba munkakhala zii moopsa. Ndinakwera minibasi kupita ku Boma, ndinagula mbewu za repu, mpiru, tchayinizi, tomato ndi anyezi, ndi keni yothirira yachitini. Ndinabwerako ndikudziona ngati mlangizi wa zaulimi.

Kalanga ine, dimba loyambalo! Njere za repu, tinthu tating'ono ngati mchenga, ndinazikwirira mwakuya ngati ndikubzala chimanga. Zina ndinangokhuthula paketi yonse pamalo amodzi. Zakuyazo sizinamere, zokhuthulazo zinamera mothithikana n'kuyamba kugwa zokha. Ndinamva kuti zitosi za nkhuku ndi manyowa abwino, ndiye ndinakapala m'khola zaziwisi n'kuthira pamwamba pa timbande, m'mawa mwake ndinapeza tapsa ngati wina wadutsitsapo moto. Kuthirira ndinkathirira ndikangoweruka, dzuwa lili paliwombo, nthaka ikutentha. Amayi opita kukachapa kumtsinje ankaima n'kundipatsa moni waulemu kwambiri, ndipo akapitirira pang'ono ndinkamva kuseka.

Kumtunda kwa malo anga kunali munda wa alamu, akulu ake a mwamuna wanga. Iwowa ndi mlimi wa fodya, munthu wofatsa, wosakweza mawu, womwetulira nthawi zonse. Pamaliro ndi amene anayendetsa zonse, bokosi, chakudya, galimoto ya kuchipatala, ndipo anthu ankanditi ndili ndi mwayi kukhala ndi mlamu wotere. Mwina ndinali nawodi. Koma ine munthu wosakwiya ndimamuopa, chifukwa sudziwa kuti za mumtima mwake zimathera kuti.

Ndinayamba kuwaona akudutsa padimba panga kawirikawiri, pomwe njira ya kumunda kwawo siinali imeneyo. Ankaima, manja kumbuyo, n'kunena Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka:

"Mlamu, mwalimbikira chomene."

"Tikuyesa, alamu."

"Koma njere izi, yayi, simukwirira choncho. Mufese kaye pa nazale, muphimbe ndi udzu, zikakula muwokere. Kuthirira n'kum'mawa kapena dzuwa likapendeka."

Mawuwo anali abwino. Chomwe chinandivuta n'chakuti polankhulapo maso awo sanali pa mabedi anga. Ankayang'ana kumunsi, pomwe nthaka ndi yakuda ndi yonyowa m'mbali mwa mtsinje, ndipo ankayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira ng'ombe ya pamsika.

Tsiku lina ananditumizira manyowa a mbuzi pangolo, owolerana bwino, akuda bii. Ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja. Ngolo itachoka ndinayamba kuzungulira mulu uja, ndikuutokosa ndi kamtengo. Ndinkafunamo chiyani? Kaya. Kachithumwa, mizu, mchere, chilichonse. Ndimapemphera, ndine wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, koma umasiye umakuphunzitsa kununkhiza chilichonse usanadye. Ndinathira manyowawo pa bedi limodzi lokha la kumapeto, kuti ngati muli kanthu life lomwelo. Aaa, bedi limenelo ndi lomwe linatulutsa mpiru wamasamba otambalala ngati mbale, ena onse ali nyontcho. Ndinakwiya nalo bedi lija ngati landinyoza.

Nazale ndinaichita, kuthirira ndinasintha nthawi, koma ndinkachita zimenezi mobisa ngati ndikuba, kuti asaone kuti ndawamvera. Ndinamanga mpanda wa mapesi ndi udzu, wokhotakhota, mbuzi zinkauseka koma unkathandiza. Pofika nyengo yozizira tinayamba kudya repu wathuwathu. Tsiku loyamba kuthyola ndinalira ndili m'dimba momwemo, chifukwa mwini wake wa maganizo a dimbawa sanalaweko.

Kenaka zinabwera nthochi. Ndinaweruka tsiku lina n'kupeza kumunsi kwa dimba, mkati mwa mpanda wanga, mwakumbidwa mayenje ndipo mwabzalidwa ana a nthochi, mzere wonse kutsata mtsinje. Anali atawathira manyowa, atawaphimbira bwinobwino. Ntchito yaudongo. Alamu anali chapafupi akutsuka khasu.

"Ndakubzalirani tunthochi, mlamu. Mvula ikabwera mtsinje uwu umadya nthaka. Izi zigwira, ndiponso zitchinga mphepo."

"Iii, alamu, mwavutikiranji? Mukanandiuza."

"Yayi, n'zapachibale izi."

Ndinati yewo, zikomo wa kuno, ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa. Koma mphatsoyo sinandisangalatse, ngakhale sindinkadziwa chifukwa chake.

Chifukwacho anandiuza ndi mphunzitsi mnzanga, mayi wa konkuno, wolankhula mosapsatira. Tinali pansi pa mtengo nthawi yopuma, ndikumufotokozera za ubwino wa alamu, mwina kuti ndimve iye anena chiyani. Anasiya kutafuna chinangwa chake n'kundiyang'ana.

"Wabzala ndani? Iwe kapena iwo?"

"Iwo."

"Ndi manja awo? Iwe kulibe?"

"Eya."

"Mayi iwe, tawuni inakupusitsa. Repu sagwira malo. Repu ndi wa miyezi ingapo, ukazula watha, palibe angakumbukire kuti panali dimba. Chogwira malo ndi mtengo ndi nthochi. Pakadzabuka mlandu, akuluakulu sadzafunsa kuti ankathirira ndani. Adzafunsa kuti nthochizi anabzala ndani, nanga amadula ndani."

"Ndiye ndikazule?"

"Uzule mphatso ya mlamu wako? Mudzi wonse udzati mkazi wa kum'mwera uja wayamba mwano. Pamenepo ndiye wawapatsa chifukwa."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinabwerera m'kalasi, koma zimene ndinaphunzitsa tsiku limenelo sindikuzidziwa.

Mwina mukuti bwanji sindinapite kwa apongozi aamuna, eni malo, kukafunsa. Kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Ukawaona akubwera panjira umapatuka n'kugwada chapatali. Ukafika pakhomo pawo umakhala kumbali, ndipo mawu ako amadzera mwa apongozi aakazi. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo, madala amenewo, mphunzitsi wopuma ndiponso mkulu wa mpingo, anali asanandilankhulepo mwachindunji ngakhale kamodzi. Ndiye ndikanakanena chiyani kudzera mwa amayi ake a alamu omwewo? Kuti mwana wanu wandibzalira nthochi, mundithandize? Akanati mutu wanga sukuyenda bwino.

Choncho ndinaganiza zoti nthochizo zife zokha. Sindinazithirire ngakhale dontho. Ndinkadutsa ndi keni pafupi nazo nkhope itayang'ana kumbali. Koma madzi onse amene ndinkathira m'mabedi anga ankatsetserekera kumunsi komweko, ndi manyowa omwe. Tomato wanga amene ndinkamusamala ngati khanda anagwidwa ndi chiwawu n'kuuma, tchayinizi anadzaza nsabwe, koma nthochi zosafunidwazo zinkangotulutsa masamba atsopano, obiriwira, onyezimira. Tsiku lina ndinasiya dala mpanda wotsegula mbali ya kumtsinje kuti mbuzi zilowe zikadye. Zinalowadi. Zinadutsa nthochi zija osazinunkhiza n'komwe, zinakwera kumtunda n'kumaliza repu yense. Ndinazithamangitsa ndi mawu amene mayi wa chigwirizano sayenera kuwadziwa.

Ndinaganizapo za mchere, ndinaganizapo za madzi owira. Koma m'mudzi mulibe chobisika, pamtsinje sipasowa munthu wochapa. Ndinazisiya.

Dzuwa litayamba kutentha, nthawi imene alimi a fodya amafesa nazale zawo pafupi ndi madzi, alamu anabwera kunyumba. Anakhala pampando pakhonde, anafunsa za ana, za sukulu, za chifuwa chimene ndinali nacho. Kenaka anati:

"Mlamu, chitsime cha kudimba kwanga chikuphwa msanga chaka chino. Kumunsi kwanu kuja, pafupi ndi nthochi, pali malo ongokhala. Mundibwereke chaka chino chokha, ndifesepo nazale ya fodya."

Ndinamva bwino mmene anatchulira nthochi zija, osati zanu, osati zanga, koma nthochi basi. Pakamwa panayankha pokha.

"Pepani alamu, pamenepo ndakonza kale zobzalapo. Mbewu ndagula."

"Oho. Mbewu zanji?"

"Anyezi. Ndi nyemba. Ndi maungu."

Anamwetulira, anati palibe kanthu, anatsanzika mwaulemu. Ine ndinalibe mbewu ngakhale imodzi. M'mawa mwake ndinali pa minibasi ya ku Boma.

Kunena zoona, amene anandisandutsa mlimi ndi mantha amenewo. Ndinatipula malo onse otsala mpaka kumtsinje, m'manja munatuluka matuza, anaphulika, panamera zikang'a. Sindinkalola pena paliponse kukhala popanda mbewu, chifukwa malo ongokhala ndi amene amapemphedwa. Ndikazula anyezi, tsiku lomwelo ndawokera mpiru. Ndinaphunzira kupatulira, ndinaphunzira kuwaza phulusa pa nsabwe, ndinaphunzira kuti tomato safuna madzi pamasamba koma patsinde. Bonongwe amene poyamba ndinkamuzula ngati udzu ndinayamba kumusiya. Amayi ochapa aja analeka kuseka, ena anayamba kuima pampanda kufunsa ngati ndingawagulitseko ndiwo. Koma ine ngakhale amenewo ndinkawakayikira. Mayi akandifunsa kuti dimbali likulekezera pati, ndinkayamba kaye ndaganiza kuti wamutuma ndani.

Mwina mukuti ndinkangodzizunza ndi maganizo. Nanenso nthawi zina ndinkatero, makamaka alamu akabweretsa ufa mwana akadwala, kapena akabwera kudzakonza denga mphepo itasasula lata. Ndinkadzifunsa kuti kodi munthu angachite zonsezi ali ndi chiwembu? Koma dzinja litafika ndinapeza mizere ya fodya wawo yalowa pang'ono m'kamunda kanga ka chimanga, kupitirira chitsa chimene mwamuna wanga ankati ndi malire. Nditawafunsa anadabwa kwambiri, anati aganyu ndi amene analakwitsa, chaka chamawa adzakonza. Fodyayo anakolola.

Chaka chinatha, nthochi zinatalika kundipitirira. Ndiye tsiku lina, ndikuthirira m'mawa, ndinaona imodzi yapakati yatulutsa duwa lake lofiirira lija, lalendewera. Posakhalitsa mkoko unaoneka, timaphava tikutuluka motsatizana. Munthu wina akanasangalala. Ine ndinkauyang'ana mkoko uja ngati samani ya kukhoti.

Unakula, unalemera, thunthu linayamba kupendekera kumtsinje. Nditaweruka tsiku lina ndinapeza wina wauchirikiza ndi mtengo wa mphanda. Sindinafunse kuti ndani. Mapazi a nsapato za jombo anali poonekera pakati pa mabedi anga a anyezi. Lamulungu lotsatira, potuluka m'tchalitchi, alamu anandipatsa moni n'kunena chapansipansi:

"Mkoko uja ukubwera bwino, mlamu. Watsala pang'ono."

Watsala pang'ono kuti atani? Kuti adule ndani? Mawu a mnzanga uja anandibwerera: anabzala ndani, amadula ndani. Kubzala anali atabzala kale iwo. Akadulanso iwo, n'kundigawira phava limodzi ngati mphatso, anthu akuona, ndiye kuti nkhani yatha. Chaka chamawa pafupi ndi nthochi zawo pakanabwera nazale yawo, kenaka mpanda wawo, ndipo ine ndikanatsala ndi nyumba yopanda madzi, yopanda dimba, kudikira tsiku loti wina anene kuti nyumbayinso ili pamalo a banja.

Loweruka lotsatira ndinadikira kuti dzuwa likwere, amayi adzaze pamtsinje ndi zochapa zawo. Sindinafune kuti wina adzati ndinadula mobisa. Ndinatenga chikwanje cha malemu mwamuna wanga n'kutsetsereka. Nthochizo zinali zisanakhwime, zinali zikadali ndi ngodya, zobiriwira bii, ngakhale ine wa ku Ndirande ndinkaona. Komanso kudula nthochi sindinkadziwa. Anthu amayamba atema thunthu pang'ono kuti liwerame, mkoko utsike bwino. Ine ndinangolumphira m'mwamba ndi chikwanje, ndikutema pakhosi pa mkoko. Ndinatema, ndinaphonya, ndinatemanso, utomoni ukundidonthera kumaso ndi pa bulauzi. Mkoko unathothoka mwadzidzidzi, unandimenya paphewa, tonse tinagwera m'matope. Nthochi zina zinathyoka. Pamtsinje palibe anaseka, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kuseka.

Mayi wina wachikulire anati, "Mkamwana, zikadali ziwisi izo."

"Ndaziona, amama."

Ndinapukuta matope, ndinapinda chitenje kukhala nkhata, ndinasenza. Zipatso zoyamba za pamalo amene unapatsidwa umakapereka kwa eni ake anakupatsa, zimenezo ndinkazidziwa. Apongozi aamuna akalandira kuchokera m'manja mwanga, ndiye kuti avomera kuti dimba ndi langa. Akafunsa kuti nanga mwini wake wabzala uja ali kuti, ndiye kuti ndadziwa pomwe ndaima. Njira yopita kwa apongozi imadutsa pa chigafa cha fodya cha alamu. Anali pomwepo akukonza denga la chigafacho. Anasiya ntchito, anayang'ana mkoko uli pamutu panga, anayang'ana ine. Ndinawapatsa moni osaima. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, sanamwetulire.

Apongozi aamuna anali pakhonde pampando wawo wandalema, Baibulo lili pamiyendo. Ndinatula mkoko pabwalo, ndinagwada chapatali pafupi ndi nkhokwe, ndinayang'ana pansi. Apongozi aakazi anatuluka m'khitchini akupukuta manja, anakhala pakati pathu. Ndinalankhula kwa iwo ndi Chitumbuka changa chopunduka.

"Amama, ndabweretsa zoyamba za m'dimba langa, kuti adada alawe."

Mawu akuti langa ndinawatchula mokweza dala. Apongozi aakazi anabwereza kwa amuna awo ngati kuti iwo sanamve, monga mwa mwambo. Ndinkamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa nkhokwe. Kenaka madala aja analankhula kwa akazi awo.

"Mufunseni mkamwana, nthochi zosakhwima chonchi wadula chifukwa chiyani? Amaopa ndani?"

Apongozi aakazi anatembenukira kwa ine, koma sanabwereze funsolo, anangondiyang'ana. Ndinali nditakonza mabodza panjira, zoti thunthu limafuna kugwa, zoti anyani ayamba kufika. Onse anathawa. Ndinangoti:

"Ndimaopa kuti mundichotsa, amama. Ndilibe kwina kopita ndi anawa."

Ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina, pabwalo la apongozi, nditadzola matope ndi utomoni.

Ndinamva Baibulo likutsekedwa. Kenaka ndinamva Chichewa, Chichewa chakale cha m'mabuku a sukulu, ndipo sichinkapita kwa apongozi aakazi.

"Mkamwana, dzutsani nkhope. Ndikulankhula ndi inu."

Apongozi aakazi anagwira pakamwa. Ine ndinadzutsa nkhope pang'ono, ndinayang'ana pachifuwa pawo, kumaso ndinalephera.

"Simunalote ayi. Mlamu wanu anabwera kwa ine maliro atangotha. Anati mkazi wa m'tawuni sadzalima, malo a madzi aja angogona, ndimupatse iye. Ndinamuuza kuti tiyeni tione kaye. Sindikunamizani, mukanawasiya thengo ndikanamupatsa. Nayenso ndi mwana wanga, ali ndi ana ambiri. Za nthochi sanandifunse, ndinangomva kwa anthu."

Anakhosomola nthawi yaitali, akazi awo anawapatsa madzi.

"Koma mwalima. Ndimatuma anthu kukaona, amandiuza. Nthochizi ndalandira kuchokera kwa inu. Amayi, dulani phava limodzi lalikulu, mkamwana akapereke kwa mlamu wake ndi manja ake, amuuze kuti ndi za m'dimba la mkamwanayo, alaweko. Akamva. Ndipo inu mkamwana, khalani. Ine ndikadali ndi moyo, palibe amene akusuntheni pamalo paja."

Mawu amene ndinawadikira kuyambira tsiku la maliro anali amenewo. Ndinawomba m'manja, ndinati yewo chomene, adada, ndinabwereza kaya kangati. Mtima unapepuka moti ndikanatha kuvina pabwalo pomwepo.

Kenaka anafuna kudzuka kuti alowe m'nyumba. Anagwira mikono ya mpando, anadzikankha, anabwerera pansi. Anayesanso, mpaka akazi awo anawalowetsa phewa kukhwapa. Pamenepo ndi pomwe ndinawayang'ana bwino, ine amene zaka zonsezi ndinkangowaonera patali nditawerama. Mapazi anali otupa mpaka m'maondo, nsapato zawo anali atazing'amba pamwamba kuti zilowe. Jekete linkangolendewera pamapewa. Kuchoka pampando kufika pachitseko anapumira panjira, akupuma ngati akwera phiri. Chisangalalo chija chinatsika pang'onopang'ono, ndipo m'makutu mwanga munatsala mawu atatu okha, ndikadali ndi moyo.

Ndinatenga phava lija n'kubwerera njira yomweyo. Alamu anali atatsika padenga, atakhala pa chitsa. Ndinagwada, ndinapereka ndi manja awiri.

"Alamu, za m'dimba langa izi. Mulaweko."

Analandiranso ndi manja awiri. Analitembenuza phavalo, anakanda nthochi imodzi ndi chikhadabo, utomoni unatuluka. Kumwetulira kuja kunali kutabwerera.

"Yewo chomene, mlamu. Tizivundika, zipsa." Anaika phava pambali, n'kufunsa mofatsa, mwachikondi, ngati mwana aliyense wofunsa za kholo lake: "Nanga adada mwawasiya bwanji? Miyendo ija yaphwako?"

"Ali bwino," ndinatero. "Ali bwino kwambiri, alamu. Akuyenda okha."